Mzere wa Mwana

Amake Katsinzi anali akusita yunifolomu ya mwana wawo pamene mlamu wawo analowa osaodira, chikwama cha kuntchito chikadali paphewa.

"Mlamu, ndakumana ndi aphunzitsi a mwanayu panjira. Akuti mawa mupite nokha, musatumenso ine."

"Walepheranso?"

"Sananene. Angoti abwere mayi ake."

Anaimika simbi pambali, nayang'ana panja pamene Katsinzi ankatsuka makapu, nkhope itatsala pang'ono kulowa m'beseni. Dzinali anamupatsa ndi malemu bambo ake chifukwa chokonda kutsinzinira poyang'ana munthu, ndipo aliyense pakhomopo ankaseka nazo.

Sukuluyo inali ndi kachitidwe kake. Pakhadi la zotsatira panali mzere wa aphunzitsi, mzere wa mwana, ndi wa kholo. Mwana ankalemba yekha chimene chikumuvuta, kholo n'kusaina pansi pake. Mayiwa ankasaina ali pa makina osokera, mapini ali kukamwa, kasitomala ataima pakhomo. Ankangoona malikisi, n'kunena kuti, "Iwe, masewera akuchulukira," basi cholembera chayenda.

M'mawa mwake, iwo ndi Katsinzi anapeza kalasi itasesedwa, mabenchi atakankhidwira kukhoma. Aphunzitsi, mayi woonda amene anabwera teremu yomweyo, anawapatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pabenchi ya ana. Kenaka anayala makhadi atatu patebulo.

"Mwanawe, awerengere amayi ako zimene unalemba."

Katsinzi ananyamula khadi loyamba mpaka linakhudza mphuno.

"Sindiona pabolodi."

Anatenga lachiwiri. "Sindiona pabolodi ngakhale ndikhale kutsogolo."

Lachitatu analisunthira kumanja. "Diso limodzi likungoona utsi."

Pansi pa mzere uliwonse panali siginecha ya amake, yopendekera bwino ngati ya pa lisiti.

"Nanga zolemba za m'kope umazitenga kuti?" anafunsa amake motsitsa.

"Mnzanga amandinong'oneza. Akajomba, ndimangokhala."

"Bwanji osandiuza pakamwa?"

"Ndinkaona ngati mwawerenga, amayi. Mumasaina."

Aphunzitsi anawerama. "Inenso ndawawerenga dzana, mayi. Ana ndi ambiri, koma sindikudzichotsa. Pitani naye kuchipatala lero lomwe, kalata ndalemba kale."

Ananyamuka ulendo wa kuchipatala. Podutsa msewu, mayiwa anazindikira kuti mwanayo sayang'ana magalimoto koma amamvetsera, mutu utapendeka. Anamugwira dzanja. Mumtima ankangoti Ambuye, Ambuye, mawu ena osabwera.

Kuchipinda cha maso anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Bambo wina wachikulire wa bandeji kumaso anawasunthira malo, napatsa mwanayo theka la lalanje. Dokotala atawaitana, anaphimba Katsinzi diso lamanja ndi chikhatho, naimika zala patsogolo pake.

"Zingati?"

Mwanayo anamwetulira mwamanyazi. "Mwaimika kale?"

Dokotala anaunika nthawi yaitali, nalemba zambiri. "Zinayamba liti?"

Amake anatsegula chikwama, natulutsa makhadi aja. Dokotala anawerenga madeti, nawabwezera.

"Lamanzereli sindikulonjezani kanthu, mayi. Chaka chatha tikanayesa. Lamanjali tilimbana nalo, koma musadumphe tsiku ngakhale limodzi."

Atatuluka anakhala pabenchi ya pakhonde kudikira mankhwala. Katsinzi ankagwedeza miyendo.

"Amayi, ndiye ndibwereza kalasi?"

"Kaya, mwanangu."

"Ndikabwereza, mnzanga uja apita. Adzandinong'oneza ndani?"

Mayiwa anaika chikwama pambali. Anatsika pabenchipo, nagwada pa simenti pamaso pa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, anthu a pamzere akuona.

"Amayi, dzukani, anthu akutiyang'ana."

"Aziyang'ana. Unandilembera katatu, ine osawerenga. Ndinakukalipira kuti ndiwe wamasewera. Ndikhululukire, mwanangu. Chonde, ndikhululukire."