Munga Wachisanu

Adokotala anakalambira pa kafukufuku wa akangaude kuyunivesite. Osati akuluakulu aja omanga ukonde kudenga ayi, koma tinthu tosaposa njere ya mpiru, tokhala m'masamba owola pansi pa mitengo ya m'nkhalango. Ukatiika pa maikulosikopu ndi pomwe umaona kuti nato tili ndi ulemerero wake: maso asanu ndi limodzi ounjikana pamphumi, kachishango kolimba pamimba, ndi timinga tondandalikana kunsi kwa miyendo yakutsogolo. Mitundu imasiyana pa tinthu ngati timeneti, ndipo munthu akaphonya kuwerenga ndiye kuti walemba bodza.

Tsono maso a Adokotala anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo zaka ziwiri zathunthu iwo anabisa. Amene ankadziwa anali munthu mmodzi yekha, mayi wothandiza mu labu, yemwe ophunzira anam'patsa dzina loti Anakangaude. Mayiyu sanafunsepo kanthu. Anangoona tsiku lina bambo wamkulu akupukuta galasi loyera kale, kupukuta, kupukutanso, basi anamvetsa. Kuyambira pamenepo ankalawirira m'mawa, kutulutsa akangaude m'timabotolo ta sipiriti, kuwerenga minga, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu papepala lomwe ankalisiya m'dirowa ya Adokotala. Iwo ankalipeza, kukopera m'buku, osanena zikomo, chifukwa kuthokoza kukanakhala kuvomera.

Kenaka kunabwera kabotolo kochokera kunkhalango ina yakutali, m'kati muli kangaude mmodzi wofiirira. Adokotala anamuika okha pagalasi, n'kupanikiza diso mpaka kutuluka misozi. Mtundu wodziwika uli ndi minga inayi pamwendo woyamba. Uyu anali ndi isanu! Mtima unagunda ngati wa mnyamata. Mtundu watsopano, ndipo auona ndi maso awoawo.

Dzina anali nalo kale. Akazi awo anali atapirira zaka makumi anayi akumati akangaude ndiwo akazi anzawo m'banjamo, ndipo Adokotala anaganiza zoti kangaudeyu atchedwe dzina la akazi awowo. Anawauza tsiku lomwelo. Mayiwo anaseka mpaka kugwira m'mimba, eti mphatso ya ukalamba kukhala kachilombo, koma pofika mawa lake azichemwali awo onse anali atamva pafoni.

"Adokotala, bwanji ndiuone kaye mwendowo musanalembe?" anatero Anakangaude, mwaulemu.

"Mayi, ine ndinayamba kuwerenga minga inu muli kusukulu. Uyu musam'khudze."

Mayiyo anangoti chabwino, n'kubwerera patebulo lake.

Lamulo la pamalopo linali lakuti mtundu watsopano usanalengezedwe, mkulu wa dipatimenti auone kaye. Mkuluyo anali mwana wa m'manja mwa Adokotala, anam'phunzitsa okha kugwira singano, ndipo mpaka pano ankawatchulabe Aphunzitsi. Analowa mu labu Lachiwiri m'mawa, ophunzira atatu ali pambuyo pake kuti aone nawo. Anakhala pampando, kupotokola kagudumu ka maikulosikopu, n'kuyang'anitsitsa mwendowo. Kenaka anatenga singano, kukhudza mwendo uja pang'ono, n'kutukula kanthu koyera.

"Aphunzitsi, munga wachisanu ndi uwu," anatero motsitsa mawu. "Ndi kaulusi ka thonje lotsekera botolo. Kangaudeyu ndi wakale uja, munam'lemba nokha ine ndili wophunzira."

Wophunzira mmodzi anatsokomola chitsokomolo chobisa phwete.

"Koma anawerenga mingayi ndani?" anafunsa mkuluyo. "Inu simungalakwe chonchi."

Abale, lilime n'loipa. Khomo lothawira litangotseguka, Adokotala analowa osaganiza.

"Masiku ano zowerenga minga ndinasiyira mayiwa," anatero, maso ali pawindo.

Linali bodza lovala zoona, ndipo n'chifukwa chake linagwira. Mkuluyo anatembenukira kwa Anakangaude. Mayiyo anayang'ana Adokotala kamodzi kokha, osati mokwiya, kungowayang'ana basi, kenaka anagwetsa nkhope.

"Pepani, bwana," anatero.

Mkuluyo sanali munthu wankhanza, koma dzina la dipatimenti ankaliteteza ngati dzira. Analamula pomwepo kuti mayiyo achoke pa maikulosikopu azikatsuka mabotolo, zonse zomwe anawerenga ziwerengedwenso, ndipo za ntchito yake akambirana mwezi ukatha. Aliyense m'chipindamo anadziwa tanthauzo la mawu omalizawo. Adokotala ankadziwanso kuti mayiyu akulera ana awiri yekha, poti zithunzi zawo zinali zomata pakhoma pambali pa tebulo lake.

Pobwerera kunyumba pa minibasi, Adokotala anadutsitsa siteji yawo, mpaka kondakitala kuwakumbutsa. Akazi awo anawalandira pakhomo ndi nthabwala.

"Nanga mnzanga wa miyendo isanu ndi itatu uja ali bwanji?"

"Ali bwino," anayankha, ndipo limenelo linali bodza lachiwiri tsiku limodzi. Chakudya anangochitosatosa. Anayesa kudziuza kuti nkhaniyi izizira, kuti adzam'pepesera mayiyo kwa mkulu mwakachetechete popanda kuulula za maso. Koma pansi pa mtima ankadziwa chomwe anali. Akuluakulu anati kamba amanyerera amene wam'tola, ndipo kamba wake anali iwowo.

M'mawa mwake analowa mu labu mozemba ngati mlendo. Kusinki kunkamveka madzi ndi kugundana kwa magalasi. Anakangaude anali atavala epuloni ya pulasitiki, akutsuka timabotolo ndi kaburashi, manja aja odziwa kutembenuza mwendo wa kangaude osauthyola ali m'thovu la sopo.

"Mwadzuka bwanji, Adokotala?"

Anayankha ndi mutu. Anakhala patebulo lawo, n'kukoka dirowa kuti apeze chochita ndi manja. Pepala linalimo, monga mwa masiku onse, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale iwo awerenge. Botolo lakuti, wamkazi, minga inayi. Botolo lakuti, wamwamuna, chishango chofika theka la mimba. Pansi pake panali mzere wina: "Otsalawo ndiwerenga nthawi ya nkhomaliro bwana akatuluka. Musadandaule."

Manyazi omwe anawagwira dzulo anali masewera. Awa anawafika m'mafupa. Bola mayiyu akanawatukwana, akanawalavulira, munthu ukanapeza pogwira. Anakhala pamenepo pepala lili m'manja, mpaka madzi akusinki anasiya kumveka.

"Adokotala, muli bwino?"

"Sindili bwino, mayi. Vulani epuloniyo, tiyeni."

Anatenga pepalalo ndi kabotolo ka kangaude wofiirira uja. Podutsa m'khonde anaitananso ophunzira atatu a dzulo, poti bodza analinena pamaso pawo. Mkulu wa dipatimenti anadzidzimuka kuona gulu lonselo pakhomo pa ofesi yake.

"Aphunzitsi, kwagwanji?"

Adokotala anaika pepala patebulo, n'kutukula kabotolo kufupi ndi nkhope yawo. M'kati mwake munali kapepala kakang'ono ka malo ndi tsiku, kolembedwa ndi pensulo monga anam'phunzitsira mkuluyo kalekale.

"Bwana, ndiuzeni ndiwerenge kapepala aka."

"Aa, Aphunzitsi, zimenezo n'zachiyani?"

"Ndiuzeni."

Mkuluyo anayang'ana Anakangaude, amene anali atagwira pakamwa, kenaka ananena mokayika kuti werengani.

Adokotala anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali, akukayandikiza, akukatalikiza, kuti wina aliyense aone bwino.

"Sindikuona kanthu," anatero. "Zatha zaka ziwiri tsopano. Zonse zolondola zomwe zatuluka mu labu muja anawerenga ndi mayiwa. Ine ndawerenga mwendo umodzi wokha, ndi uja wa thonje."