Mtanda Umene Unkadumpha Khomo la a Gerevazio

M'mudzi wina kufupi ndi Kaphuka, Akatolika a mumphakati anali ndi mwambo wawo. Lachinayi lililonse ankapemphera pakhomo pa banja limodzi, ndipo akamaliza, mtanda wamtengo unkanyamulidwa kukagona kunyumba yotsatira, kuti eni ake adziwe kuti sabata yamawa alendo ndi awo. Unkayenda khomo ndi khomo, osasankha wolemera kapena wosauka.

Koma khomo la a Gerevazio unkalidumpha.

Zinayamba pamene mwana wawo Kalisto, mphunzitsi wa ku Lobi, anatengedwa ndi apolisi. Mlandu wake unali pakamwa. Anauza aphunzitsi anzake kuti malamulo a dziko asinthidwe, boma nalo likhale ndi malire ngati munda, lisamatsekere munthu osamuzenga mlandu. Kuyambira pamenepo anthu ankaopa ngakhale kukapala moto kwa a Gerevazio. Akazi awo anali atamwalira kale. Anatsala okha ndi mbuzi zawo ndi dimba la mbatatesi.

Komabe Lachinayi likakwana madalawo ankasesa pabwalo, kuyala mphasa, n'kukhala atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Nyimbo zinkamveka kuchokera kukhomo lina, mphepo ya m'phiri ikuzibweretsa zidutswazidutswa. Iwo ankavomera chapansipansi, dzuwa likapendeka n'kupinda mphasa zija.

Mu Juni 1993, chisanu chitafika poluma, dziko linavota kusankha ulamuliro wa zipani zambiri. Posakhalitsa wailesi inalengeza kuti aphungu ku Zomba asintha malamulo aakulu a dziko, ndipo lamulo lakuti chipani chikhale chimodzi lachotsedwa. A Gerevazio anagwada pomwepo kuthokoza Mulungu. Kenaka anapita kwa mayi Magadalena, wapampando wa mphakati, nawapeza akupeta nyemba.

"Amayi, mwamva? Malamulo asintha. Kodi mtanda uja sungafike kwathu tsopano?"

Mayi Magadalena anayamba ayang'ana kumsewu. "Abambo, asintha ku Zomba. Kuno ayufi a chipani ndi omwe aja, ndipo makomo athu akuwadziwa."

"Ndiye Ambuye nawonso akuopa ayufi?"

"Ambuye saopa. Koma ine ndili ndi ana asukulu."

Lachinayi limenelo mapemphero anali kwa a Yohana, oyandikana ndi a Gerevazio, ndipo khomo lotsatira linali la a Gerevaziwo. Atamva nyimbo yotsekera, a Gerevazio anaima pachipata, chipewa chili m'manja. Anthu anabalalika podzera njira ya kuseri. Anaimabe mpaka mbuzi zitayamba kulira kufuna khola.

M'mawa mwake kunamveka odi. Anali mayi Magadalena, dengu lili pamutu.

"Ndabweretsa ndiwo," anatero mokweza, kuti aliyense wodutsa amve. Atalowa m'nyumba anachotsa mpiru pamwamba. Pansi panali mtanda uja, wokulungidwa m'chitenje.

A Gerevazio anaseka, misozi ili chuchuchu. "Amayi, mwabisa Ambuye pansi pa mpiru?"

"Anagonapo modyera ng'ombe, mpiru sungawavute. Koma ndisakunamizeni, abambo, sindikudziwa ngati anthu abwera."

Sabata yonseyo mtanda unakhala patebulo, ndipo nyumba inamveka ngati muli munthu wina. Lachinayi a Gerevazio anayala mphasa zonse. Kunabwera mayi Magadalena, akutsogolera a Alufeo, nkhalamba yosaona.

"Ine akanditsekera andilanda chiyani?" anatero a Alufeo pokhala pansi. "Mdima ndili nawo kale. Yambani nyimbo, achimwene, kukuzizira."

Palibenso wina anabwera. Mphasa zina zinangokhala, nkhuku zikuyendapo. A Gerevazio anayambitsa nyimbo, awiri aja navomera. Itafika nthawi ya mapemphero opempha, anatchula dzina limene mphakati unali usanalimve chitengedwere mwiniwake.

"Tipempherere Kalisto, kulikonse kumene ali."

Kenaka mayi Magadalena anavomera, osati monong'ona.

Atamaliza, mayiwo anatambasula chitenje kuti akulungenso mtanda.

"Iyayi, amayi," anatero a Gerevazio. "Mwambo umati wopereka mtanda ndi mwini khomo."

Anavula chipewa, naunyamula ndi manja awiri, poyera. Anayenda okha pakati pa mudzi, anthu akusuzumira m'mipanda, mpaka pakhomo lotsatira, la a Damiano. Pamenepo anaima, naodira, n'kudikira.