Botolo la Pashelefu Yachitatu

Ku labu ya sayansi, bambo osamalira zipangizo ankawatchula Aukhondo, ndipo dzinalo sanalitole panjira. Botolo lililonse lopanda kapepala ka dzina ndi tsiku ankalitaya osafunsa munthu. Lamulo linkatero, ndipo iwo ndi lamulo unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo.

Mwana wa mlongo wawo ankafufuza momwemo za perovskaiti, mankhwala akuda opaka pa timagalasi kuti tizisandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Vuto lake timagalasito sitikhalitsa. Chinyezi chikangolowa timasanduka tachikasu, basi kwatha. Akuluakulu a labuyo anamupatsa mtsikanayo miyezi itatu kuti aonetse njira yotilimbitsira, apo ayi malo ake apatsidwa wina.

Ndiye Lolemba lina kagalasi kamodzi kanakwanitsa maola chikwi pansi pa nyali yoyesera, kali bii, mphamvu osatsika.

"Amalume, taonani," anatero. "Mankhwala a akaka ndinawasungunula ndi madzi a m'botolo lakale lija, la pashelefu yachitatu. Muli kanthu m'menemo. Ndikaliyeza ndidziwa."

Botololo Aukhondo anali ataliika m'bokosi la zokawotcha Lachisanu, ndipo kwa iwo linali litapita kale.

"Mwina wina walisuntha," anayankha. Munthu wa imvi, kunamiza mwana wa mlongo wako chifukwa cha manyazi!

Mtsikanayo anagudubuza labu yonse. Anayesa madzi atsopano, timagalasi makumi anayi, tonse n'kusanduka tachikasu sabata isanathe. Aukhondo ankamutsukira magalasi, chisoni chikuwadya m'kati ngati nankafumbwe.

Miyezi itatu ija itatha, tsiku lolongedza katundu wake, mtsikanayo anati, "Mwina ntchitoyi si yanga, amalume. Munthu wosokoneza botolo lake lomwe."

Apa Aukhondo sanathenso kupirira. "Ndinalitaya ndine, mwanawe. Linalibe kapepala."

Mtsikanayo anaika pansi katoni. "Liti?"

"Lachisanu lija, usanandionetse kagalasi."

Mtsikanayo sanakalipe, ndipo iwo ankalakalaka akanakalipa.

"Sabata imeneyo galimoto ya zokawotcha inachedwa," anatero. "Inabwera Lachitatu, ndinasainira ndine. Pamene munkati wina walisuntha, linali lidakali kuseri kwa chitseko ichi."

Ananyamulanso katoni ija. Manja ake onse anali ndi katundu, ndiye iwo anamutsegulira chitseko.