Kwini Imene a James Sanaione

“Zaka makumi atatu ndikusewera briji, silamu yanga sinagwepo,” ndinawamva a Eston akuuza mwini chigayo cha mpunga ku Liwaladzi. Mwini chigayoyo briji saidziwa, ndiye anangovomera. Ine ndimaidziwa, ndiye ndinangoyang'ana thumba langa la mpunga.

Masewera amakadiwa a Eston anawatola ku kalabu ya mabwana ku Dwangwa, komwe anali kalaliki, pamodzi ndi jekete limene savula ngakhale mu Okutobala. Timasewera anthu anayi, awiriawiri, Loweruka masana pakhonde pawo, popanda ndalama. Silamu imene amanenayo ndi pamene munthu walonjeza kudya maulendo onse khumi ndi atatu, osasiyako ndi umodzi womwe; akasiyako, silamu yagwa.

Wosewera naye mbali imodzi ine anali a Sufiyani. Chaka chatha a Eston anawatcha wakuba pamaso pa anthu, n'kuwathamangitsa pakhondepo. Sanabwerenso, ndipo mvula isanagwe tinawaika. Itatha miyezi yawo yokhala m'nyumba, mayi Habiba, akazi awo, anadzakhala pampando womwewo. Anapempha chinthu chimodzi: tsiku limene silamu idzagwe, a Eston adzaimirire n'kuyeretsa dzina la malemuwo. A Eston anaseka, nati angalumbire ngakhale kawiri.

Loweruka limenelo mayi Habiba anabwera ndi alamu awo atatu, asodzi, amene anakhala pabenchi n'kukana tiyi. Mwera unali utayamba m'mawa, makadi tinkachita kuwapsinja ndi miyala.

Cha m'ma fili koloko a Eston anatsegula malonjezo ndi sipedi imodzi. A James, wosewera nawo mbali imodzi zaka zonsezo, anakweza kufika pa zitatu. Munthu wamantha ngati ine akanaima pa sikisi, poti seveni ndiye silamu. A Eston anayang'ana pabenchi, nakonza kolala ya jekete.

“Sipedi seveni. Alendo aoneko silamu.”

Mayi Habiba ataponya khadi loyamba, a James anayala makadi awo poyera monga mwa lamulo, ntchito yawo n'kuthera pomwepo. Sipedi zikuluzikulu zonse zinali mbali ya a Eston kupatula kwini. Inali kwa ine kapena kwa mayi Habiba, ndipo kuiganizira mbali yolakwika kunali kugwa.

Apo a James linawagwira ludzu, monga limawagwirira pa silamu iliyonse. Popita kumtsuko anadzera kumbuyo kwa mayi Habiba, akuyenda ngati wodwala nyamakazi. Mayiwo makadi anali atawatambasula bwinobwino, ngati akugulitsa. Pobwerera a James anaika kapu yawo mbali yanga ya tebulo, kulozera a Eston komwe kuli kwini. Kapu imeneyi ndi imene a Sufiyani anaifunsa chaka chatha, wakuba n'kukhala iwo.

Mmodzi wa alamuwo anali atasiya kupota chingwe chake.

A Eston anakoka sipedi yaing'ono pamakadi a James. Ine ndinaponya yaing'ono. Iwo anaponya jeki, poti kwini ankati yatsekeredwa kwa ine, dzanja likupita kale kukawola. Mayi Habiba anasuntha thu ya dayamondi ndi chala chachikulu. Kuseri kwake kunali khadi lina, litamatirira bwino. Analiika pamwamba pa jeki, n'kulipsinja ndi mwala.

A Eston anayang'ana kwini, kenako kapu, kenako a James, amene anali atayamba kuwerenga malata a denga. Anayamba kunena zoti mphepo yasokoneza masewera, koma alamu atatu aja anali ataimirira kale.

“Kuimirira ndi kwanu, bambo,” anatero mayi Habiba. “Iwowo angokuthandizani.”

A Eston anaimirira atagwira tebulo.

“A Sufiyani sanabe.”

“Mwera uwu, sitikumva,” anatero wamkulu wa alamuwo.

Anabwereza mokweza, mpaka amayi amene ankaanika mpunga kutsidya kwa msewu anatembenuka. Mayi Habiba anatenga kapu ija, nathira madzi ake pansi, naiika pakati pa tebulo chovundikira.

“Gawani makadi, a James,” anatero. “Mwamwa kale.”