Dzina la pa Bwalo la Basiketibolo

Wopenta anali atatsegula kale chitini cha penti pamene Bernadetta anaimirira. Komiti ya timu ya basiketibolo ya pa Dedza Boma inali itagamula kuti bwalo latsopanolo litchedwe dzina la Keith, uja kale ankaponya mabasiketi ngati mvula ya Januwale. Dzina la malemu mwamuna wa Bernadetta, Gervazio, palibe analitchula.

Bernadetta anakweza mawu; paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"A tcheyamani, nanga a Gervazio?"

A Gibson, tcheyamaniyo, anatambasula buku lakale la masewero. "Mayi, tonse tinkawakonda. Koma wosewera kutsogolo timamuyesa ndi mabasiketi. Taonani: Keith makumi awiri, Gervazio awiri. Apa Gervazio ziro. Buku silinama."

"Ankapita kutsogoloko kukaothera dzuwa," wina anatero, anthu n'kufa nacho chiseko.

Mawuwo anamulasa mtima Bernadetta. Ndi iye ankathowa maondo otupa a mwamuna wake Loweruka lililonse. Bukulonso ankalemba ndi iye yemwe, zala zitauma ndi chisanu cha Juni.

"Limenelo ndi dzanja langa," anatero. "Inu mukuwerenga tsamba lathu lokha. Werengani la alendo. Pezani Alufeo wa ku Linthipe, uja ankaliza matimu onse. Tsiku limene a Gervazio anadwala malungo, anaponya angati?"

A Gibson anatembenuza masamba ndi tsinya. "Makumi atatu."

"Nanga masewero otsatira, a Gervazio atamumatirira?"

Chala cha a Gibson chinayenda, n'kuima. "Anayi."

"Pitirizani."

"Awiri. Kenako... ziro."

Chiseko chija chinathera pomwepo. Keith, yemwe anali atakhala kutsogolo mu suti yake, anavula chipewa.

"Ine ndinkangokolola," ananena motsitsa mawu. "Wolima anali Gerva. Mpira ankalanda ndi iye, n'kundipatsa."

"Koma komiti yagamula kale, a Keith," a Gibson anakakamira.

"Mukalemba langa, ndidzafufuta ndekha."

Keith anatenga burashi m'manja mwa wopenta uja n'kuipereka kwa Bernadetta ndi manja awiri.

"Alamu, dzanja lanu lija. Lembani."

Bernadetta anakwera pa benchi misozi ikulengeza. Zaka zonse zija ankalemba dzinali mtima ukuwawa, ziro ali pambali. Tsiku limenelo analilemba lokha, m'zilembo zikuluzikulu.