Bulauzi Yoyera ya Amayi Lucia

Amayi Lucia anamwalira ali odulidwa mu mpingo. Mlandu wawo unali woti anakaphika pamaliro a mlongo wawo ku Mkaika, yemwe anali wa gule. Kuphika basi! Sanavine, sanaombe m'manja, anangogwira mthiko. Koma a Gertrude, atcheya a amayi a chigwirizano, anathamanga nayo nkhaniyo kwa abusa ngati atola nyama panjira.

Anthu ngati a Gertrude amandinyansa ine. Pakamwa mavesi ali mbwee, koma mtima uli gwa. Mnzawo akapunthwa, iwo ndiye tsiku lawakomera.

Mwandida, mwana wa malemuwo, ankafuna chinthu chimodzi chokha, chomwe mayi ake anapempha ali pamphasa: bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano iyalidwe pabokosi, ndipo anzawo awaimbire mpaka kumanda. Choncho m'mawa wa tsiku loika maliro anaisita bwinobwino n'kuiyala.

Amayi a chigwirizano anafika ali mbuu ndi yunifomu, atcheya patsogolo. A Gertrude sanagwade n'komwe kupepesa anamfedwa. Analunjika kubokosi n'kutsomphola bulauziyo.

"Ichi n'chovala chopatulika," anatero. "Sichigona pa munthu wa zilombo."

Mwandida anadzuka n'kuigwira mbali ina. "Siyani! Amama anakusambitsirani amuna anu atadwala, inu mukuthawa fungo. Lero ndiye akhala a zilombo?"

"Iwe mwana, usandilalatire. Lamulo ndi lamulo." Anaikoka mpaka mabatani anathothoka, kenaka anatembenukira gulu lawo. "Aliyense wovala yunifomu asayerekeze kuimba pano. Woyambitsa nyimbo ndimudula ndi dzanja langali."

Amuna panja anaweramitsa mitu. Mwandida anadzigwetsa pafupi ndi bokosi n'kulira kulira kwa ukali, kotukwana mumtima. Ndipo manyazi anandigwira ine m'malo mwa mpingo wonse.

Amene anadzuka anali a Evelyn, mayi wosayankhulayankhula, woti pamisonkhano amangokhala kumbuyo. Anamasula duku loyera pang'onopang'ono, navula bulauzi, n'kutsala ndi kamalaya kam'kati. Anapinda zonse n'kuziika m'manja mwa a Gertrude.

"Atcheya, mwati ovala yunifomu asaimbe. Ine ndavula. Ambuye Yesu anakhudza wakhate, ine ndingalephere kuimbira Lucia? Maliro n'kulirana."

"Evelyn, ukudziwa chimene ukuchita?"

A Evelyn anagwada kumutu kwa bokosi n'kuyambitsa nyimbo. A Norah anavula. A Brenda anavula. Ena ankavula akuyang'ana pansi ndi mantha, ena ankachita kuponya dala, koma onse analandira nyimbo ija mpaka inamveka kumsewu wa ku Sinda.

A Gertrude anakuwa, kutchula mayina, kuopseza ndi abusa. Mawu awo anamira m'nyimbo.

Adzukulu ananyamula bokosi lopanda bulauzi, ndipo Mwandida anatsatira atagwiriziridwa ndi amayi ovala zitenje wamba, akuimba. Palibe anacheuka. Atcheya anatsala okha m'nyumba ya siwa, oyera kuyambira kumutu, atafungata mulu wa nsalu zopanda anthu.