Kuyezetsera Amalume Maso ku Joni

A Bizwick a ku Vubwi anali ndi mawu. Akatsegula Buku Lopatulika pa guwa Lamulungu, ngakhale amayi aja amakawodzera ku benchi yakumbuyo ankadzidzimuka n'kukonza duku. Abusa a mpingo wa Reformed kumeneko ali ndi nyumba zamapemphero zambiri kuposa mafuta a m'njinga yawo yamoto, choncho masabata ambiri woimirira kutsogolo anali a Bizwick, mkulu wa mpingo, mlimi wa soya ndi mtedza. Ntchitoyo inalibe malipiro. Koma mukanawauza kuti asankhe pakati pa kuwerenga m'tchalitchi ndi ng'ombe zawo, ng'ombezo zikanagona m'khola la eni ena tsiku lomwelo.

Ndiye maso anayamba kuwathawa. Poyamba ankatalikitsa buku mpaka mkono kutha. Kenaka anayamba kulumpha mizere, Petro n'kumuyankhulitsa mawu a Pilato. Akulu anzawo anayamba kunong'onezana za Aaron, mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu ya pulayimale, kuti bwanji buku apatsidwe iyeyo. A Bizwick anamva, pakuti makutu okha anali asanawapandukire.

Kuchipatala anakanitsitsa. "Kumeneko amakanda diso ndi mpeni," anatero. "Ndiponso ndikakaima pamzere wa odwala maso ku Katete, nkhani idzafika kuno ine ndisanakwere minibasi yobwerera." Magalasi a pamsika, aja amayalidwa pachiguduli pamodzi ndi maloko ndi zipeso, anawayesa. Anangowawawitsa mutu.

Apa mpamene anakumbukira Yotamu, mwana wa mlongo wawo, amene ankanyamula katundu m'sitolo ina ya zitsulo ku Joni. Anauza mwana wawo Ethel kuti amuimbire foni.

"Yotamu, kumeneko akuti kuli makina oyeza maso."

"Alipo, amalume, m'masitolo momwe."

"Ndiye upite akakuyeze. Magalasi amene akapezewo ubwere nawo kuno."

"Akandiyeze ine? Amalume, maso ovutawo ndi anu."

"Iwe, maso akowo unawatola kuti? Si kwa mayi ako? Mayi ako ndi ine tinayamwa bere limodzi. Nsapato umandigulira poyesa phazi lako, zinayamba zandithinapo? Jekete ija bwanji?"

Nsapato zinali zoona. Jekete nayo inali yoona. Ndiponso munthu sukana amalume amene anakulera bambo ako atakalowerera ku migodi, amenenso ali ankhoswe a banja lako.

"Tsono mvera," anapitiriza a Bizwick. "Ukawauze izi ngati zako. Zilembo zimabalalika ngati nyerere zoti wina waziponda. Nyale ikayaka imavala mkombero ngati utawaleza. Munthu akachokera m'mbali ndimangomumva kuti wafika. Usakaiwale za nyalezo."

Ethel analanda foni. Iye ndi Yotamu ndi pachisuweni, ndiye chipongwe chinali chakudya chawo chiyambire ubwana.

"Amuna anga a ku Joni, mwamva? Mukadwale bwinobwino, musakatichititse manyazi kwa azungu."

"Iwe mkazi wanga waulere, kudwala ndinaphunzira kwa iwe, nthawi yopalira ikafika."

Ethel anaseka, kenaka mawu ake anatsika. Zinamveka kuti wachoka pamene panali bambo ake. "Dzulo agunda mtengo wa pakhomo pa khola. Mtengo woti anazika okha. Chita changu, msuweni."

Loweruka Yotamu anavala malaya ake a ku tchalitchi n'kukalowa m'sitolo ya magalasi. Makoma onse anali mafelemu okhaokha, maso opanda eni ake, akumuyang'ana. Mayi wina wamng'ono msinkhu, wovala khoti loyera, anamulowetsa m'kachipinda n'kumuika chibwano pa makina. M'makinamo Yotamu anaona chithunzi cha kanyumba kumapeto kwa msewu, kokongola kuposa kamene ankagonamo. Makina ena anamupemerera mphepo m'diso mosachenjeza, iye n'kudumpha, kutukwana m'Chichewa. Mwayi wake mayiyo Chichewa sankachimva.

Kenaka zilembo pakhoma. Yotamu ankaziona zonse mpaka mzere wapansi penipeni, ngakhale kantchentche kamene kanatera pambali. Koma sanabwerere zimenezo. Anawerenga chilembo chachikulu chapamwamba, n'kuusa moyo ngati munthu wakwera phiri.

Mayiyo anamuveka chifelemu cholemera n'kumasintha timagalasi. "Ili kapena ili?"

Yotamu ankadzifunsa kuti amalume akanasankha liti. Anasankha loipa. Mayiyo anasinthanso. Anasankha loipanso, koma loipa la mbali ina. Posakhalitsa anali atakana galasi limene analivomera, n'kuvomera limene analikana. Ataona kuti bodza layamba kuthina, anatulutsa mawu a amalume mmene anawalandirira: nyerere, utawaleza wa pa nyale, anthu ongotulukira m'mbali.

Kumwetulira kwa mayi uja kunatha. Anamuunika m'maso nthawi yaitali. Anamuuza kuti ayang'ane mphuno yake, n'kubweretsa zala kuchokera kumbali. Yotamu anaiwala kuti ndi wodwala, n'kuziwerenga zonse bwinobwino.

"Bambo," anatero mayiyo m'Chingerezi chapang'onopang'ono, chija amayankhula nacho alendo, "makina anga akunena zina, inu mukunena zina. Maso anu angotopa pang'ono powerenga pafupi, monga amachitira aliyense wa msinkhu wanu. Magalasi ofooka akukwanirani. Koma zimene mwanenazo, ngati alipo amene zikumuchitikira, asafune magalasi. Afune dokotala sabata ino. Ikhoza kukhala nthenda imene madzi amathina m'kati mwa diso, n'kumadya kuona kuyambira m'mbali. Chimene yadya sichibwerera. Alipo munthu wotero?"

Yotamu anayang'ana khoti loyera lija. Anaganiza za mmene nkhaniyi ikasekedwere pa tiyi, kuti anthu a ku Zambia amatumizana kukayezetsa maso ngati kutumana sopo.

"Palibe, mayi. Ndine ndemwe."

Anasankha felemu yonyezimira ngati golide, yoyenera guwa.

Madzulo ake anaimba foni.

"Apeza chiyani?" anafunsa a Bizwick.

"Akuti anga ali bwino, angotopa pang'ono."

"Ambuye alemekezeke! Ndimanena ine. Kungotopa basi."

"Koma amalume, akuti inuyo mupite kuchipatala msanga."

"Ine? Anandiona kuti mayi ameneyo?"

"Sanakuoneni, koma zija munandiuza zija…"

"Wayeza, wapeza maso abwino. Za chipatala wazitenga kuti? Akufuna kugulitsa mankhwala ameneyo. Iwe bweretsa magalasi."

Mawu oti khungu anafika pakamwa pa Yotamu n'kubwerera. Munthu ungawauze bwanji amalume ako kuti muchita khungu? Zimamveka ngati wawatemberera, ndipo tsiku lodzachitikadi anthu adzati unadziwa bwanji. Anauza Ethel yekha. Ethel anachonderera, analira, anatuma ngakhale abusa. A Bizwick anali atalengeza kale m'bwalo la akulu kuti magalasi oyezedwa ndi makina akubwera kuchokera ku Joni, ndipo akuluwo anali atavomera kudikira. Kupita ku Katete tsopano kukanakhala kuvomera kuti ananama. Zotumiza magalasiwo pa basi anakananso: anyamata a m'mabasi akawakhalira, kapena akawasintha ndi a pamsika. Abwere m'manja mwa mwini wake.

Imeneyo inali nthawi ya mvula, chimanga chikumasula. Tchuthi cha Yotamu chinali mu Ogasiti. Miyezi yonseyo kabokosi ka magalasi kanakhala m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo akakakumbukira ali kuntchito ankayamba kuwerenga katundu molakwitsa. A Bizwick ankawerengabe Lamulungu, koma ankasankha okha masalimo amene anawaloweza kalekale.

Yotamu anatsika basi pa Katete mphepo ya Ogasiti ikuulutsa mapepala pa siteji, malole odzaza anthu akulowera ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Pofika kumudzi anali wofiira ndi fumbi. Anapeza amalume atakhala pampando panja. Atawapatsa moni, iwo anatembenuza mutu wonse, kumufunafuna, mpaka nkhope yawo inalunjika pa iye.

"Wanenepa," anatero, pamene Yotamu anali ataonda.

A Bizwick anatsegula kabokosi kaja aneba ataunjikana. Anavala. Felemu inawakhala ngati anabadwa nayo, amayi n'kululutira.

"Mukuona bwanji, amalume?"

"Ngwee!"

"Tayesani kuwerenga pang'ono."

"Zinthu zatsopano timayambira m'nyumba ya Mulungu," anayankha, n'kuwabwezera m'kabokosi mwachangu.

Ethel anamukokera Yotamu kuseri kwa nkhokwe. "Amuna anga, wawaona bambo mmene akuyendera? Phazi limayamba lafunsa kaye."

"Ndaona."

"Lero sundinyoza?"

"Mawa," anatero Yotamu.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza ngati pa Mgonero. Ena anabwerera Mawu, ambiri anabwerera magalasi. Abusa kunalibe, koma anali atatumiza ndime yoti iwerengedwe m'nyumba zonse zamapemphero, ya m'buku la Nehemiya, pamene pali maina a omanga linga, uyu mwana wa uyu, uyu mwana wa uje. Ndime yotero palibe amene amailoweza.

Aaron anatsegulira a Bizwick buku pamalo pake n'kukakhala pansi. A Bizwick anatulutsa magalasi, kuwapukuta ndi mpango, kuvala. Anaweramira buku. Analitalikitsa. Analibweretsa pafupi mpaka mphuno kukhudza pepala. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Mwana wina analira, mayi ake n'kumutseka pakamwa ndi bere.

Mayi wina wa Chigwirizano cha amayi, wachifundo, anayambitsa nyimbo kuti aphimbe chete uja. Mpingo unalandira. Anaimba ndime zonse, ngakhale zija amazilumpha masiku onse. Nyimbo inatha. A Bizwick anali chiimire, chala chili pa pepala pamalo amodzimodzi, thukuta likutsika m'mbali mwa felemu yagolide.

"Aphunzitsi Aaron," anatero potsiriza, ndi mawu awo aja odzaza nyumba, "tabwerani mutithandize."

Potsika pa guwa phazi linaponda pamene panalibe sitepe. Anagwa ndi bondo, dzanja likupalasa m'mwamba. Yotamu ndi Ethel anathamanga n'kuwadzutsa. Magalasi sanasweke, sanagwe n'komwe. Anali olimba ndithu, katundu wa ku Joni.

M'mawa mwake sanakanenso. Anakwera galimoto yodzera ku Chadiza, Ethel mbali iyi, Yotamu mbali inayo, mabampu akuwagundanitsa mapewa. Pachipatala cha ku Katete anakhala pamzere umene ankauopa uja, ndipo anakumanadi ndi anthu awiri a kwawo, amene anawapatsa moni mwaulemu n'kuyang'ana kumbali.

Dokotala wa maso anali bambo wa imvi, wosathamanga. Anayeza, anaunika, anayezanso. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ethel atayankha, dokotalayo anangoti, "Mm," n'kulemba. Magalasi aja anawatembenuza m'manja.

"Awa anakuyezani kuti, bambo?"

Yotamu anayang'ana nsapato zake.

"Lakumanzere lapita," anatero dokotala. "Lakumanja latsala kazenera kakang'ono pakati. Tikupatsani mankhwala odonthezera tsiku ndi tsiku, osadumphitsa, moyo wanu wonse. Akayamba kutha mubwere asanatheretu."

"Mpeni ayi?"

"Lero ayi."

"Nanga kuwerenga, adokotala? Ine ndimawerenga m'tchalitchi."

Dokotala anatseka botolo la mankhwala n'kulipereka kwa Ethel. "Tiyeni tisunge kaye chimene chatsala, bambo."

Panja dzuwa linali litakwera. Amayi ogulitsa nthochi ndi mbatata yootcha ankaitanira pageti, anyamata a njinga akulimbirana anthu otuluka. A Bizwick anaima pansi pa mtengo nthawi yaitali.

"Ethel."

"Bambo."

"Tikafika ukawauze akulu a mpingo kuti buku apatse Aaron. Koma mnyamata ameneyo amathamanga, ndiponso amameza mathero a mawu ngati akudya mbatata yamoto. Maina a dzulo aja anawapha onse. Azibwera kunyumba pakati pa sabata, aziwerenga ine ndikumvera."

"Ndikawauza, bambo."

"Chabwino. Yotamu, tiye."

Anatambasula dzanja kumanzere, kumene kunalibe munthu. Yotamu anazungulira kumbuyo kwawo mwakachetechete, n'kukaima kumeneko, n'kuligwira.